Kalata kwa mwana wanga pa za kabureta ya Land Rover ija

Nkhotakota

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Salimako, iwe, apongozi anga ndi adzukulu. Kuno tilipo, kungoti dzuwa la Okutobala latiwamba. Amayi ako akupereka moni.

Pa foni paja sindinakuyankhe mokwanira, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe. Unati galimoto ikununkha petulo, ikumazima ukaima, utsi wakuda ukutuluka ku ekizosi, ndipo ukatsegula boneti umapeza kabureta ili yonyowa. Unatinso ukaigogoda ndi sipanala imasiya, n'kuyenda bwinobwino masiku angapo. Mawu omalizawa ndi amene andisowetsa tulo. Chonde, galimoto imeneyo isanyamule munthu mpaka utapeza gwero la vutoli. Pa injini ya malita 2.25 ya Land Rover Series III kabureta, chija chosakaniza petulo ndi mpweya, inakhala pamwamba pa mapaipi a ekizosi, choncho petulo akasefukira amadonthera pa chitsulo chamoto. Thanki ya mafuta, pa Land Rover yaifupi ngati yathuyi, ili pansi pa mpando womwe umakhalapo iweyo. Adzukulu anga amakhala kumbuyo, khomo lawo lotulukira n'limodzi.

M'munsi mwa kabureta muli kambale kosunga petulo pang'ono. M'kambalemo mumayandama kanthu kopepuka kotchedwa float, ndipo mafuta akafika pa mlingo wake float imakankha kasingano kotseka khomo lolowera petulo, monga muja imachitira thanki ya chimbudzi chamadzi. Kabureta ikamasefukira ndiye kuti khomo limenelo silikutsekeka. Ukagogoda umangosuntha kachitsotso kamene kanatsekereza kasinganoko, koma kumene zitsotsozo zikuchokera sunakufikeko, ndipo china chili m'njira.

Ndiye usathamangire kumasula kabureta. Yamba wayang'ana kabotolo kagalasi kali pansi pa pampu ya mafuta, m'mbali mwa injini. Ukaona fumbi lofiira litakhazikika pansi, limenelo ndi dzimbiri la m'thanki. Ukaona mzere wolekanitsa, madzi pansi petulo pamwamba, wadziwa kale zomwe galimoto ikumwa. Series III anasiya kuipanga mu 1985, ndiye ganiza zaka zimene thanki imeneyo yakhala ikupuma chinyontho cha kunyanja kuno. Ndikudziwanso kuti mafuta atasowa unkathira a m'zigubu, monga tinachitira tonse. Chigubu chimene dzulo chinatunga madzi lero n'kusunga petulo, mchenga ndi madzi sizilephera kulowamo. Ukakakamizika kugula otero, uziwasefa pa nsalu yoyera yothina.

Palinso china chimene anyamata ambiri sachiganizira. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo zimenezi zinayamba mu 1982 ndi ethanol wa nzimbe za kwathu konkuno ku Dwangwa. Mafutawo alibe mlandu, injini imayenda nawo bwino. Koma ethanol amakoka chinyontho, amasungunula litsiro lakale lomatirira m'thanki, ndiponso amadya mapaipi a labala achikale kuyambira m'kati. Paipi imaoneka yabwinobwino kunja pamene m'kati ikunyenyeka, ndipo tizidutswa takuda timeneto timathera pa kasingano kaja. Ukasiya galimoto milungu ingapo thanki ili theka, vuto limakula. Tsitsa thanki, uitsuke, uiumitse. Sintha mapaipi onse a labala, uike fyuluta yatsopano kabureta isanafike, koma patali ndi ekizosi.

Za pampu ndifunse: kodi ikadali yake ija yoyendetsedwa ndi injini, kapena wina anakuikira yamagetsi? Kabureta imafuna mafuta obwera mofatsa, mphamvu ya 2 kapena 3 psi basi (psi ndi muyeso wa mphamvu yokankhira). Mapampu ochotsedwa m'magalimoto amakono amakankha 40 psi kapena kuposa, ndipo palibe kasingano, ngakhale katsopano, kamene kangaime pamenepo. Ngati ndi yotero, ichotse.

Ukatha zimenezi ndiye ufike pa kabureta. Ntchitoyi uigwirire panja, injini itazizira, waya wa batire utachotsa, mbaula ndi osuta fodya zili kutali, ndowa ya mchenga ili pambali. Moto wa petulo sathira madzi, umangofalikira. Yala nsalu yoyera patebulo, chilichonse chimene wamasula uchiike motsatana, uzijambulanso ndi foni usanachotse. Tizitsulo take n'tating'ono, kamodzi kakagwera m'mchenga wa ku Salimako sudzakaonanso.

Kasingano ukayang'ane padzuwa, uyendetse chikhadabo pansonga pake. Chikhadabo chikakodwa pa kamzere kozungulira, katha. Ugule kena pamodzi ndi mpando wake, kachitsulo kamene kasinganoko kamatsekerapo, chifukwa ziwirizi zimathera limodzi. Usaiwale wochala yapansi pa mpandowo, nayonso imadutsitsa mafuta ikaphwanyika. Pali kuyesa kosafuna chida chilichonse: lowetsa kapaipi koyera polowera petulo, utembenuze chivundikiro cha kabureta chadodolido, float itsamire kasingano ndi kulemera kwake kokha, kenako uuzire ndi pakamwa. Mpweya usadutse ngakhale pang'ono. Ukachiimika bwino, udutse mosavuta.

Float uigwedeze pafupi ndi khutu. Ikamveka khuchukhuchu, yamwa petulo, yalemera, singayandamenso. Ukakayika, imize m'madzi otentha omwe waphula kale pamoto. Ngati ili ndi kabowo uona tithovu tikutuluka motsatizana. Wina adzakuuza kuti uimate ndi guluu kapena sopo. Usamvere. Petulo amasungunula zomatirazo, ndipo zikapanda kusungunuka zimailemeretsa, mlingo n'kusokonekera. Onanso kamtanda kamene float imazendewerapo, kasakhale kopindika kapena kogwira.

Mlingo wake ndi nkhani ya mamilimita, osati ya diso. Pa kabureta ya mtundu wa Zenith 36IV, chivundikiro chili chadodolido gasiketi (chipepala chotsekera pakati pa chivundikiro ndi kabureta) ilipo, kuchokera pa gasiketi kufika pamwamba penipeni pa float pamakhala 33 mm. Ukafuna kukonza, pinda pang'ono kalilime kachitsulo kokhudza kasingano, koma osakanikiza kasinganoko, ungakaononge kakadali katsopano. Tsono uyambe wawerenga dzina lolembedwa pa kabureta yakoyo, chifukwa ma Land Rover ambiri anawasinthira Weber kapena Solex, ndipo iliyonse ili ndi muyeso wake.

Zenith imeneyi ili ndi nthenda yakeyake imene imapusitsa ngakhale amakaniko odziwa ntchito. Chitsulo chake n'chofewa, ndipo chifukwa cha kutentha komanso kumanga masikuluwu mopitirira muyeso, nkhope zake zimapindika. M'kati mwakenso muli kamphete kalabala kamene kakauma kamalola petulo kulowa mu injini mosadzera njira yake. Zikatero ukhoza kusintha kasingano ndi float, galimoto n'kumafukabe utsi wakuda. Ika chivundikiro pa galasi losalala, uone ngati chikugwedera. Ngati chikutero, yala sandipepala yosalala kwambiri pagalasipo, uchipukute mofatsa mozungulira mpaka nkhope yonse iwale mofanana. Kamphete kaja uike katsopano nthawi iliyonse wamasula. Pomanga, uzimanga masikuluwu mosinthanasinthana, pang'onopang'ono, ndi dzanja lopepuka.

Ukaona kuti ntchitoyi yakukulira n'kupita nayo ku galaja, palibe chamanyazi. Koma ukhale pomwepo, ndipo akusonyeze zakale zimene achotsa. Munthu akangozungulitsa sikuluwu ya mixture, yosinthira kasakanizidwe ka petulo ndi mpweya, galimoto n'kulira bwino, sanakonze kanthu, wangobisa. Pokagula zida ku Lilongwe utenge zakalezo m'thumba kuti ukafananize.

Usanaiyendetse, solola chitsulo choyezera oyilo, ununkhize. Petulo wosefukira amatsikira m'masilinda n'kukasakanikirana ndi oyilo. Oyiloyo amachuluka, amapyapyala, ndipo injini imadyeka mwakachetechete. Akamanunkha petulo, khetsa, usinthe ndi fyuluta yomwe. Fungolo likabwereranso kabureta utakonza, kayikira pampu, labala yake ya m'kati ikang'ambika imathiranso mafuta mu oyilo. Mapulagi uwamasule, uchotse mwaye, aume. Ndipo tsiku lina ikadzakana kulira chifukwa chomwa mafuta ambiri, bweza choki, ponda pedulo ya moto mpaka pansi osapopa, uzungulitse injini pang'ono, upumitse, uyesenso. Kupopa kumangowonjezera petulo pamene wachuluka kale.

Ukamanga zonse, ilire pakhomo boneti ili yotsegula, maso ali pa kabureta. Uizimitse, udikire mphindi khumi, uyang'anenso, popeza ina imadontha itazima, kutentha kukakwera kuchokera pansi. Pakakhala pouma, uyende nayo wekha cha ku Senga Bay n'kubwerera. Pokhapo ndiye unganyamule banja kubwera kuno. Pa M5 ukafika pa Benga uime, utsegule boneti, ununkhize, upitirire. Kasingano kakale ndi float unditengere, ndikufuna ndizione ndi maso anga. Amayi ako akuti uwauziretu tsiku kuti asunge mpunga.

Ndine bambo ako.