Achemwali, muwafunse bambo eni ake

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine kuno ndili bwino, koma nkhani munandiuza ija, yoti chidwalireni sitiroko bambo akumatsokomola akamamwa madzi, yandisowetsa tulo.

Kunyumba yosamalira okalamba komwe ndikugwira ntchito ndimadyetsa anthu otere tsiku ndi tsiku. Panali agogo ena amene tinkangowalembera m'buku kuti amaliza chakudya chonse, ife n'kumakondwa. Tsiku lina kunabwera katswiri wa zolankhula ndi kumeza, atatenga pepala la mafunso 10 lotchedwa EAT-10. Wodwala amayankha yekha funso lililonse, posankha nambala kuyambira 0 (palibe vuto) mpaka 4 (vuto lalikulu), ndipo zonse pamodzi zikakwana 3 kapena kupitirira, ndiye kuti pali vuto lofunika kulifufuza. Atafunsidwa ngati kudya kukuwakomerabe, agogo aja anawerama, n'kumapotokola kansalu kopukutira pakamwa. Anati supuni iliyonse amameza mtima uli m'mwamba kuopa kutsamwa, ndipo kudya pagulu anasiya chifukwa cha manyazi ndi dovu. Miyezi yonseyo ife tinkangoyang'ana mbale. Zinandipweteka kwambiri.

Palinso pepala lalitali, SWAL-QOL, la mafunso 44. Limafunsa mpaka za tulo, kutopa, mantha, nthawi imene munthu amatha pakudya, komanso ngati chakudyacho akuchilakalakabe.

Ndiye chonde, mukhale nawo pansi bambo, awiriwiri, muwafunse modekha. Kodi chakudya chikumawakakamira pakhosi? Mapiritsi akudutsa bwino? Alendo akabwera, akumadya nawo kapena akumazemba? Mukudziwa bambo sadandaula, ayankha kuti zonse zili bwino, choncho muonenso lamba wawo ngati wasuntha bowo. Akamwa madzi mumvetsere mawu awo. Akamamveka ngati pammero patsala madzi, musachedwe, apite kuchipatala akawaone kamezedwe. Chakudya kapena madzi zikalowera m'mapapo zimayambitsa chibayo, ndipo ena zimawalowera osatsokomola n'komwe.

Podya azikhala tsonga, pang'onopang'ono, osawafulumiza kapena kuwayankhulitsa chakudya chili m'kamwa. Akatha asagone msanga. Koma musawapatule ayi, azidya nanu limodzi ngakhale atenge ola lathunthu.

Zimene ayankhe mundilembere monga anenera iwowo. Ndiimba Lamlungu madzulo, ndikufuna ndiwamve mawu ndekha. Moni kwa amayi, alamu ndi ana onse.

Ine mng'ono wanu.