Musakweze galimoto musanaganize za okwera kumbuyo

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi madalaivala anzanga a ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga, makamaka oyendetsa magalimoto a bokosi kumbuyo, aja kuno timati karinya. Ndakhala pa chiwongolero zaka 19, ndipo zaka 11 mwa zimenezi ndakhala ndikuyendetsa Hilux yangayanga ya dizilo, kututa mbatatesi, chimanga, nyemba ndi fodya kuchokera m'midzi ya kufupi ndi Dómuè kupita nazo ku Ulongue, masiku ena mpaka kutsikira ku Tete. Chandigwiritsa cholembera ndi khalidwe limene lafala pakati pathu. Munthu akangogula karinya, asanasinthe n'komwe oyilo, wathamangira kale kwa owotcherera kuti aikweze italike ngati nkhokwe. Inenso ndinachita zomwezo, ndipo mwana wa mlongo wanga ndi amene analipira.

Chifukwa chake ndikuchidziwa, sindikunyoza munthu. Ukangosiya tala wa ku Calómuè n'kukhotera kumidzi, msewu ndi wina. Kuyambira Disembala mpaka Malichi dothi lofiira lija limasanduka sopo, malole a fodya ndi mathirakitala amasiya mikwasa yakuya, pakati pamatsala linunda lomwe limakhula galimoto kumimba. Ukamva chitsulo chikulira pansi, mtima umauza kuti galimotoyi yafupika. Ndiye umapita kukaikweza.

Ine ndinapita chaka china mwezi wa Novembala. Mnyamata wa pagalaji ina anandiikira mashakolo aatali kumbuyo, tizitsulo tolumikiza masipuling'i ku shasi, anaika zidutswa za zitsulo pakati pa ekiselo ndi masipuling'i, omwe kuno timati mola, n'kuwonjezera mola ziwiri mbali iliyonse. Kutsogolo anamanga zitsulo zopotoka zimene zimagwira ntchito ya masipuling'i mpaka kumapeto kwa mabawuti. Galimoto inakwera pafupifupi masentimita 8. Pamsika anthu ankaima kuiyang'ana, ine ndinanyada.

Mu Januwale wotsatira ndinanyamula matumba 16 a mbatatesi, aja osokerera pamwamba mpaka thumba kutalika ngati munthu, ndi anthu 6 atakhala pamwamba pa matumbawo. Mmodzi anali mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa zaka 12, amene ankabwerera ku Ulongue kukakonzekera sukulu. Panali potsetsereka polowera kukamtsinje, malo amene ndinadutsapo kambirimbiri. Mvula inali itakumba mbali ya kumanzere, msewu unapendekeka. Ndinali pa giya yoyamba, liwiro la munthu woyenda pansi. Nditaponda buleki ndinamva kutsogolo kukugwira, kumbuyo kuli zii, ndipo matayala akutsogolo anayamba kuseseleka kulowera kumene madzi anakumba. Kenako ndinaona pagalasi thambo likupendekeka. Galimoto sinagwe mwaphokoso ayi, inagona pang'onopang'ono ngati ng'ombe yotopa, mpaka inatsamira chigumula cha m'mbali. Ndinatulukira pawindo la kumtunda. Anthu anali atamwazikana m'matope, mbatatesi zili mbwee mpaka mumtsinje. Mtsikana uja anali chete, thumba litamupsinja dzanja, akungondiyang'ana. Titachotsa thumbalo ndi pamene analira, akuti, "Amalume, dzanja langa silikumva." Linathyoka pawiri. Tinamunyamula pa njinga yamoto mpaka kuchipatala, ine nditamufungatira pakati, ndipo mlamu wanga sanandilankhule miyezi itatu.

Pamalo omwewo ndinali nditadutsa ndi katundu wofanana galimoto isanakwezedwe, ndipo sinagwedezeke. Chimene chinasintha ndi msinkhu basi. Mayi aliyense amene anasenzapo ndowa amadziwa kuti katundu akakwera pamwamba, kupendekeka pang'ono kumakugwetsa. Ukakweza galimoto wakweza injini, bokosi, matumba ndi anthu omwe, koma matayala atalikirana chimodzimodzi monga kale. Ndipo ife sitili ngati azungu oyenda kukaona nyama, amene kumbuyo amaikako tenti ndi kabokosi ka zakumwa. Ife kumbuyo timaika anthu. Kumidzi yambiri karinya ndiyo chapa, kapena kuti minibasi, ndiyo ambulansi, ndiyonso yonyamula maliro.

Amene ananditsegula maso ndi bambo wina wachikulire, makaniko amene anagwira ntchito zaka zambiri m'magalaji a ku Moatize asanabwerere kumudzi. Nditamufotokozera, sanandidzudzule. Anangoyala katoni pansi n'kunena kuti, "Lowani pansipa achimwene, muone nokha." Anandionetsa zinthu ziwiri zimene ndikufuna dalaivala aliyense azione pa galimoto yake.

Choyamba anatenga tepi n'kuyeza kuchokera pansi kufika pa difu, mphika uja wa pakati pa matayala akumbuyo. Anati ndiyerekeze ndi Hilux ina yosakwezedwa imene inali pomwepo. Muyeso unali umodzi. Mola ndi mashakolo zimakweza thupi la galimoto, koma difu ili pa ekiselo, ndipo ekiselo imakhala pa matayala. Chimene chimakhula linunda la pakati pa msewu kawirikawiri ndi difu yomweyo. Ndiye kuti ndalama zanga zonse zija sizinawonjezere ngakhale chala chimodzi pamalo pamene ndinkafunapo. Chokweza difu ndi tayala lalitali lokha.

Chachiwiri ndi chimene chimandisowetsa tulo, chifukwa madalaivala ambiri amene ndawafunsa sachidziwa. Pa karinya zambiri zakale, kumbuyo pa shasi pali kavalavu ka mabuleki, ndipo kuchokera pa kavalavuko pali kamtengo kachitsulo kopita ku ekiselo. Ntchito yake ndi kumva kulemera kwa katundu. Galimoto ikalemedwa, bokosi limatsika kuyandikira ekiselo, kamtengoko kamakankha valavu, mabuleki akumbuyo amalandira mphamvu yambiri. Ikakhala yopanda kanthu, valavu imachepetsa mphamvuyo kuti matayala akumbuyo asamangike n'kukuzunguza. Tsono ukakweza galimoto osatalikitsa pomangirira kamtengoko, valavu imayesa kuti galimoto ilibe katundu ngakhale utasenza tani yathunthu. Ndi chifukwa chake tsiku lija kumbuyo kunali zii. Kukonza kwake ndi kachitsulo kakang'ono ka mabowo awiri, kotalika mofanana ndi mmene wakwezera galimoto. Mnyamata amene anandikwezera sanakaike, ndipo ndikukhulupirira kuti sankadziwa n'komwe. Magalimoto atsopano ambiri a mabuleki amakono otchedwa ABS alibe kavalavu kameneka, koma ndi angati mwa ife ali ndi atsopano? Ganizirani munthu wotsika ndi katundu kuchokera kuno kumapiri kulowera ku Mussacama, mabuleki akutsogolo okha akugwira ntchito ya matayala anayi mpaka kutentha.

Za mola zowonjezera ndinenepo pang'ono. Hilux, Isuzu kapena Nissan Hardbody zinapangidwa kunyamula pafupifupi tani imodzi, kuwerengera dalaivala ndi okwera omwe. Amenewo ndi matumba 20 a makilogalamu 50, popanda munthu. Ukawonjezera mola galimoto imasiya kukhala pansi, maso amakunamiza kuti ikadali ndi mphamvu, ndiye umawonjezera matumba. Koma mabering'i a ekiselo ndi omwe aja, mabuleki ndi omwe aja, shasi ndi yomwe ija. Yendani m'magalaji a ku Ulongue muone karinya zopindika msana pakati pa kabini ndi bokosi, zina zowotchereredwa kawiri katatu. Kutsogolonso, ukamanga zitsulo zopotoka mpaka kumapeto, ma CV, zolumikizira zimene zimazunguza matayala akutsogolo, amagwira ntchito atapindika kwambiri, malabala ake amang'ambika, matope amalowa, ndipo 4x4 imakuthawa tsiku lomwe ukuifunitsitsa.

Sindikunena kuti galimoto isakhudzidwe. Misewu yathu imafuna kuti uikonzekere. Yanga ndinaitsitsa, ndinachotsa zidutswa zija ndi mashakolo aatali, ndinasiya mola imodzi yowonjezera mbali iliyonse, ndinagula mashoko abwino, valavu tinaiyika bwino. Ndalama zenizeni ndinaika pa matayala. Ndinachoka pa 205R16 kupita pa 7.50R16, aatali koma opyapyala, a mapulayi ambiri. Difu inakwera masentimita atatu ndi pang'ono, ndipo m'matope a kwathu kuno tayala lopyapyala limaboola n'kukagwira dothi lolimba pansi, pamene lotambalala lija limangoyandama pamwamba ngati mbale. Koma nalonso lili ndi mtengo wake. Galimoto imalemera ponyamuka pachitunda, ndipo wotchi ya liwiro imanama: ikamaonetsa 60, ukuyenda cha m'ma 66. Apolisi apamsewu akakuimitsa ndi makina awo sadzafunsa za matayala ako.

Mpweya wa m'matayala ndi nkhani ina imene timainyozera chifukwa ndi yaulere. Mumchenga wa m'mitsinje youma ya kumunsi, kuphwetsako pang'ono kumakutulutsa pamene injini yalephera. Koma uyende ndi pampu, upopenso usanakwere tala. Amene anayendapo pa msewu wa N7 pakati pa Moatize ndi Tete mu Okutobala akudziwa kutentha kwake, kopitirira madigiri 40. Tayala lophwa lili ndi katundu pa tala wotere limatentha mkati mpaka kuphulika.

Tsono payipi ija yokwera m'mbali mwa galasi, snorkel, imene anyamata akuikonda kwambiri. Ine ndili nayo ndipo ndimaiyamikira, koma chifukwa cha fumbi. M'chilimwe, ukamatsatira lole pamsewu wafumbi, injini imakoka mpweya wa pamwamba woyerako, sefa imakhalitsa. N'zoona kuti imatetezanso injini kuti isamwe madzi, ndipo injini ya dizilo ikamwa madzi zitsulo za mkati zimapindika nthawi yomweyo. Koma payipiyo siisandutsa galimoto kukhala bwato. Madzi othamanga akafika pa zitseko amainyamula, matayala amasiya kugwira pansi, ndipo injini imakhala ikulira bwinobwino uku mukupita ndi mtsinje. Tonse tikukumbuka Januwale wa 2022, namondwe Ana atadula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize, pamene galimoto imene munali administrador, mkulu wa distrito ya Tete, inakokoloka ndipo iye anataya moyo. Mtsinje ukadzaza ine ndimazimitsa injini n'kudikira, ngakhale okwera adandaule kuti kabichi wawo afota. Mitsinje yathu ya kumapiri imadzaza msanga, imaphweranso msanga.

Chimene chimathandizadi powoloka madzi ochepa sichioneka n'komwe. Pamwamba pa difu pali kabowo kopumira. Difu ikatentha ndi ulendo n'kulowa m'madzi ozizira, imakoka madzi kudzera pamenepo. Makaniko wachikulire uja atamasula difu yanga, oyilo anatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka. Anaika kapayipi ka labala pa kabowoko n'kukakweza mpaka pansi pa bokosi, kutsogolonso chimodzimodzi mpaka m'chipinda cha injini. Mtengo wake sunafike wa thumba limodzi la mbatatesi. Kuyambira pamenepo sindinasinthenso mabering'i a difu. Onjezani chitsulo chotchinga pansi pa injini, khasu, fosholo, jeke yabwino ndi thabwa loikapo, chingwe cholimba chomangirira pa ngowe za pa shasi, osati pa kampira kachitsulo kokokera ngolo, chifukwa kakathyoka kamauluka ngati chipolopolo. Ndi zimenezi ndakhala ndikufika kumene karinya zazitali zija zimafika, ndipo kangapo ndazikoka.

Pempho langa likupita kwa amisiri a m'magalaji. Abale anga, mwini galimoto akabwera kuti muikweze, mufunseni kaye kuti amanyamula chiyani. Akati anthu, muuzeni zoona ngakhale ndalama ikuthaweni. Ngati mwakweza, musamulole kutuluka pageti valavu ija musanaikonze. Kwa oyeza magalimoto, ndikupempha kuti muziwerama n'kuyang'ana kamtengo kameneka monga mmene mumayang'anira magetsi ndi matayala. Ndipo inu amayi ndi abambo okwera pamwamba pa matumba, muli ndi ufulu wotsika. Mukaona potsetsereka papendekeka, menyani denga la kabini, dalaivala aime, muwoloke wapansi. Pa galimoto yanga tsopano limeneli ndi lamulo, ndipo pamalo aja aliyense amatsika, ngakhale kukugwa mvula.

Mwana wa mlongo wanga anachira, ali ku sekondale, koma dzanja lija silitambasuka lonse ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi limamupweteka. Akonzi, chonde tulutsani kalatayi mvula isanayambe, pamene anthu akadali ndi ndalama za fodya m'thumba ndipo akupita kumagalaji.

Ine wanu,
Dalaivala wa karinya,
Ulongue, Angónia