Mipata ya m'misika yathu iwerengeredwe ndi masamu a moto

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo za mmene mabenchi ndi mashopu a matabwa amathithikanirana m'misika ya muno mu Mzuzu, monga wa Taifa ndi wa Zigwagwa. Ambiri timaganiza kuti moto umafalikira pokhapokha malawi akakhudza chinthu kapena mphepo ikauluza mbaliwali, koma kutentha kumawolokanso mpata pakokha ngati kuwala. Aliyense amene anaothapo mbaula m'chisanu cha mu June akudziwa kuti kumaso kumatentha pamene kumsana kukuzizirabe.

Akatswiri a sayansi, Josef Stefan mu 1879 ndi Ludwig Boltzmann mu 1884, anasonyeza kuti kutentha kotereku kumakula mofulumira kwambiri moto ukamakolera. Malawi akachoka pa madigiri 500 n'kufika pa 1,000, mphamvu imene amaponya imawonjezeka kuposa kasanu ndi kawiri. Dzuwa la masana limapereka pafupifupi kilowati imodzi pa sikweya mita, pamene thabwa louma likalandira makilowati pafupifupi 12.5 pa sikweya mita kwa kanthawi, limayamba kutulutsa mpweya woyaka, ndipo kambaliwali kamodzi n'kokwanira kuliyatsa. Chondidetsa nkhawa n'chakuti malawi a mwaye wambiri ndiwo amaponya kutentha kochuluka, ndipo mapulasitiki, matayala ndi nsapato za kaunjika, zomwe zadzaza m'misika yathu, zimayaka ndi mwaye wotero.

Zimenezi zimawerengereka. Katswiri amafunika kudziwa kukula kwa malawi, kutentha kwake ndi mtunda wokafika pa benchi loyandikana nalo. Moto ukakhala waung'ono poyerekeza ndi mtundawo, kuwirikiza mtunda kawiri kumasiya gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a kutenthako. Koma mzere wonse wa mashopu ukagwira moto, umakhala khoma la malawi ndipo kutentha kwake kumatsika pang'onopang'ono, choncho kanjira kongokwana wilibala sikateteza mzere wa kutsidya. Ngakhale malata otchingira m'mbali amatentha n'kuyatsa katundu amene watsamira mkati.

Pulogalamu ya pakompyuta ya FDS, imene bungwe la NIST la ku America limapereka kwaulere, imawerengera zonsezi. Ndikupempha khonsolo ya mzinda kuti, mogwirizana ndi ozimitsa moto, makomiti a misika ndi aphunzitsi a sayansi a ku Mzuni, iyeze mizere ya mabenchi ndi kupeza mpata woyenera, ndipo pamene malo sakulola, pamangidwe makoma a njerwa odula mizereyo.

Nzika yokhudzidwa,
Chibavi, Mzuzu