Chilengezo kwa mamembala onse: za matabwa a mkungudza

Abale ndi alongo a gulu lathu la akalipentala, Loweruka likudzali tikumana pamalo athu a masiku onse nthawi ya 8 koloko m'mawa. Nkhani ndi imodzi: komiti ikufuna kuti tileke kugula matabwa a mkungudza, ndipo aliyense anene maganizo ake.

Tikudziwa chifukwa chake makasitomala amaukonda. Umanunkhira, chiswe sichiuyandikira, ndipo bokosi lake limagulidwa msanga. Koma mtengowu mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje pokha, ndi mtengo wa fuko lathu, ndipo ikuluikulu yatha. Amene mwakwerako ku Chambe kapena ku Lichenya mwaona zitsa zokhazokha, utuchi ndi maenje ochekerapo. Thabwa limene mnyamata amakubweretserani usiku atasenza pamutu, opanda chikalata cha a Forestry, lachokera kumeneko. Mkungudza umatenga zaka makumi angapo kuti ufike pocheka, ndiye ngakhale tibzale lero, sitidzaugwiritsa ntchito ifeyo. Komanso mbande zambiri zimapsa ndi moto wa osaka mbewa ndi nyama.

Phiri likayera, mvula imakokolola nthaka n'kukadzaza mitsinje ya Likhubula, Thuchila ndi Ruo. Madzi a Likhubula omwewo ndi amene amamwedwa mpaka ku Blantyre.

Pa msonkhanowo tikambirananso kumene tingapeze paini ndi bulugamu wa chilolezo, ndi tsiku lokabzala mbande nyengo yobzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 December. Amene simunapereke ndalama ya mwezi uno, musaiwale kutenga.

Mlembi