Kompyuta ingalosere ulendo, koma invoisi ndi yanu

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzathu otumiza katundu kumudzi kuchokera kuno ku Johannesburg.

Makampani akuluakulu a mathiraki ayamba kudalira AI, nzeru zopangidwa za makompyuta, pokonza maulendo. Pathiraki amaikapo GPS ndi kachipangizo koyeza dizilo m'thanki. Kompyuta imatenga zimenezi, imaziyerekeza ndi maulendo akale, n'kulosera tsiku lofikira ku Blantyre kapena Lilongwe. Mzere ukatalika pachipata cha Beitbridge, cholowera ku Zimbabwe, ingalangize kuti dalaivala adzere ku Botswana, awoloke pa mlatho wa Kazungula womwe unatsegulidwa mu 2021, adutse Zambia n'kulowera pa Mchinji. Ndi kozungulira ndithu, dizilo amathanso wambiri, koma nthawi zina kumaposa kugona pachipata.

Pomwe ambirife timapunthwa ndi pamapepala. A MRA amagwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta ya ASYCUDA World, yomwe imagawa katundu pomupatsa chizindikiro cha mtundu: wobiriwira apite, wachikasu aone zikalata, wofiira atsegule ndi kuona ndi maso. Mukalemba "zam'nyumba" pomwe muli mafiriji ndi matayala, kulemera sikugwirizana ndi invoisi, ndipo thiraki yonse imaima, katundu wa anthu osalakwa ali momwemo.

Musanapakize, lembani chinthu chilichonse pachokha, kuchuluka kwake, makilogalamu ndi mtengo weniweni. Funsani ajenti wanu wa kasitomu HS code yake, nambala yomwe a kasitomu amazindikirira mtundu wa katundu. Manambala 6 oyamba ndi ofanana m'mayiko onse a m'njiramo. Mupempheninso wonyamula nambala yathiraki ndi linki ya GPS.

Wowerenga wanu,
Johannesburg