Kalata Yotseguka kwa Meya wa Mzinda wa Montreal pa Chikumbutso cha Mtendere wa 1701

Olemekezeka a Meya,

Ndine mmodzi mwa anthu amene anabadwira ku Malawi n'kudzakhazikika mumzinda wanu, ndipo ndakulemberani m'Chichewa ndikudziwa kuti pafunika wotanthauzira kuti mawu angawa akufikeni. Sindikuonapo vuto, popeza nkhani imene ndabwera nayo inatheka chifukwa cha otanthauzira. Pa 4 Ogasiti 1701, pamene bwanamkubwa wa Afalansa Louis-Hector de Callière anakhala pabwalo ndi nthumwi zoposa 1,000 za mitundu 39 ya eni nthaka kuti athetse nkhondo imene inatha anthu kwa zaka zambirimbiri, mtsogoleri aliyense analankhula m'chinenero cha makolo ake, ndipo panali anthu onga Nicolas Perrot ndi ansembe a Chijezwiti amene ankatembenuza mawuwo. Pempho langa ndi lakuti zochitika zokumbukira mtendere umenewu, zachikhalidwe ndi zamaphunziro zomwe, zizitsogoleredwa ndi zidzukulu za mitundu imene inaupanga, ndiponso zizifika kwa ana pa nthawi imene anawo ali m'kalasi.

Chimene chinandiyambitsa ndi funso la mwana wanga. Tsiku lina tinakwera phiri la Mont Royal n'kukaima pakhonde lalikulu lija limene alendo amajambulirapo zithunzi za mzinda, ndipo iye atawerenga dzina la malowo, Belvédère Kondiaronk, anandifunsa ngati Kondiaronk anali munthu kapena mtundu wa mwala. Anthu amene anatizungulira anali kalikiliki ndi mafoni awo, ena akudya ayisikilimu, ndipo ine ndinachita manyazi chifukwa ndinalibe yankho lokwanira. Nditafufuza ndinapeza kuti dzinalo linaikidwa pamalopo mu 1997 polemekeza mtsogoleri wa a Wendat wochokera ku Michilimackinac, amene Afalansa ankamutcha Le Rat, munthu amene anagwira ntchito yaikulu yokopa mitundu ya kunyanja zikuluzikulu za kumadzulo kuti ibwere ku Montreal. Anafika akudwala matenda amene anagwira nthumwi zambiri chaka chimenecho, ndipo pa 1 Ogasiti analankhula nthawi yaitali ali chikhalire pampando chifukwa miyendo inali itamukana. Anamwalira pa 2 Ogasiti kuchipatala cha Hôtel-Dieu, kutatsala masiku awiri kuti pangano lisainidwe. A Haudenosaunee, amene Afalansa ankawatcha a Iroquois ndipo anali adani ake a moyo wonse, anabwera kudzakhuza maliro ake monga mwa mwambo wawo, ndipo thupi lake linaikidwa m'tchalitchi cha Notre-Dame.

Nkhani ya maliroyi ndi imene inandigwira mtima, chifukwa kwathu munthu sayamba kukamba mlandu pakhomo pamene pagwa zovuta asanapepese. Nthumwi za mu 1701 zinachitanso chimodzimodzi. Zisanalowe mu Montreal zinaima ku Kahnawake, mudzi wa eni nthaka wa tsidya lina la mtsinje wa St. Lawrence, kumene zinalandiridwa ndi mwambo wopukuta misozi, wotsegula makutu ndi woyeretsa kukhosi, kuti munthu amene anataya abale ake pankhondo athe kuona, kumva ndi kulankhula bwino asanakhale pansi ndi amene anawapha. Mawu ofunika ankaperekedwa pamodzi ndi malamba a wampum, olukidwa ndi mikanda yoyera ndi yofiirira yosemedwa kuchokera ku zigoba za m'nyanja, ndipo lamba ankasunga pangano monga momwe pepala limasungira. Chitoliro cha fodya chinazungulira. Analankhula za kukwirira nkhwangwa zankhondo m'dzenje lakuya ndi kudzala mtengo wamtendere. Pamapeto pake atsogoleri anajambula papepala zizindikiro za mafuko ndi midzi yawo, zambiri mwa izo nyama ndi mbalame. Tikaona bwino, ndondomeko yonse ya msonkhanowo inali ya eni nthaka, ndipo bwanamkubwa, amene iwo ankamutcha Onontio, anaitsatira chifukwa panalibe njira ina yopezera mtendere.

N'chifukwa chake zimandidetsa nkhawa pamene mbiriyi ikambidwa ngati kuti Callière anaitana mitundu yokangana n'kuiyanjanitsa mwa nzeru zake yekha. Dziko la France linafuna mtendere chifukwa nalo linali litatopa. Mu 1687 bwanamkubwa Denonville anakaotcha midzi ndi nkhokwe za a Seneca, umodzi mwa mitundu ya a Iroquois, ndipo anatumiza ena mwa a Iroquois amene anawagwira kukapalasa zombo za mfumu ku France. Mu Ogasiti 1689 a Iroquois anabwezera ku Lachine, pachilumba chomwechi cha Montreal. Mu 1696 bwanamkubwa Frontenac anawononga midzi ya a Onondaga ndi a Oneida, amenenso ndi a Iroquois. Pansi pa zonsezi panali malonda a zikopa za nyama ya m'madzi yotchedwa beaver ndi mpikisano wa France ndi England, ndipo maufumu awiriwo atagwirizana ku Ryswick mu 1697, a Iroquois anaona kuti Angelezi sangawateteze. Komabe sanabwere ku Montreal ngati ogonja. Mu Julayi wa chaka chomwecho cha 1701 atsogoleri awo ena anali ku Albany, m'dera la Angelezi, akukambirana ndi Angelezi za malo awo osakako nyama, kotero kuti lonjezo lawo loti sadzalowerera nkhondo za Azungu awiriwo linali ndale zoganiziridwa bwino, zoteteza dziko lawo mbali zonse. Mwana wa sukulu ayenera kumva zimenezi. Ayeneranso kumva kuti nkhani yobwezerana anthu ogwidwa pankhondo inatsala pang'ono kusokoneza msonkhano wonse, komanso kuti a Meskwaki, amene anali nawo pa panganolo, anali atayamba kale kumenyana ndi Afalansa pofika mu 1712.

Sindikunena kuti mzinda sunachitepo kanthu. Mu 2001, pokumbukira zaka 300, gawo lina la Place d'Youville linatchedwa Place de la Grande-Paix-de-Montréal, pafupi ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Pointe-à-Callière. Mu 2017 mtengo wa paini woyera, womwe ndi mtengo wamtendere wa eni nthaka, unaikidwa pakati pa mbendera ya mzinda, ndipo mu 2019 msewu wa Amherst unasinthidwa dzina kukhala Atateken, mawu a m'chinenero cha eni nthaka a Mohawk. Zonsezi n'zoyamikika. Koma dzina la pachikwangwani silifotokoza lokha tanthauzo lake, monga momwe funso la mwana wanga linandionetsera.

Vuto loyamba ndi la kalendala. Tsiku la 4 Ogasiti limagwa pakati pa tchuthi chachikulu, sukulu zonse zitatsekedwa, mabanja ambiri atachoka mumzinda, kotero kuti amene amaona magule ndi zionetsero za tsikulo kwambiri amakhala alendo odzacheza. Ndikudziwa kuti sukulu siziyendetsedwa ndi khonsolo yanu, koma malaibulale a m'madera ndi nyumba zachikhalidwe zili m'manja mwanu, ndipo aphunzitsi amapita ndi ana awo kumeneko chaka chonse. Ndikupempha kuti mwambo wa tsikulo ukhalebe mu Ogasiti, koma maphunziro ake azichitika mu Seputembala ndi Okutobala, kufupi ndi pa 30 Seputembala pamene dziko la Canada limakumbukira ana amene anatengeredwa kusukulu zogonera komweko n'kuletsedwa zinenero zawo. Ana akamva nkhani ziwirizi motsatizana adzafunsa okha kuti zinatheka bwanji kuti mitundu imene inkakambirana ndi nthumwi ya mfumu maso ndi maso mu 1701 idzalandidwe ana ake patapita mibadwo ingapo, ndipo funso limenelo ndi lofunika kuposa mayankho ambiri a m'mabuku.

Chachiwiri, amene aziima kutsogolo kwa anawo akhale anthu a ku Kahnawake, Kanesatake, Wendake, Odanak ndi midzi ya a Anishinaabe, ndipo aitanidwe pamene ndondomeko ikukonzedwa, osati itatha kale kuti adzangoimba ng'oma potsegulira. Alipidwe monga akatswiri, pakuti munthu wodziwa kuwerenga lamba wa wampum ali ndi luso losachepera la mphunzitsi wa mbiri wa ku yunivesite. Alankhule m'zinenero zawo poyamba, kenaka wotanthauzira atsatire, kuti ana amve dzina lakuti Tiohtià:ke, limene a Mohawk amatchulira Montreal, kuchokera pakamwa pa mwini wake. Akafuna kutchula za mkangano wa malo wa ku Oka wa mu 1990, wa pakati pa a Mohawk ndi boma, asauzidwe kuti nkhaniyo ikuononga chisangalalo.

Ndili ndi chifukwa changa cholimbikira mfundo imeneyi. Kwathu nakonso kunali mapangano: kuyambira mu 1889 Harry Johnston ndi anzake anayenda ndi mapepala kwa mafumu a m'mbali mwa mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Malawi, mafumuwo n'kulembapo timitanda, ndipo mu 1891 dzikolo linalengezedwa kuti lili pansi pa chitetezo cha Britain. Kusukulu tinaloweza mayina a amene anabweretsa mapepalawo, koma za zimene mafumu ankaganiza polemba timitandato tinkazimva kwa agogo okha, madzulo, pang'onopang'ono. Pangano la ku Montreal linali losiyana kwambiri, chifukwa silinali lopereka dziko kwa wina aliyense, ndipo zidzukulu za amene analisaina zikukhala kungowoloka mlatho wa Mercier, ku Kahnawake.

Ndikupemphanso kanthu kakang'ono kamene sikafuna ndalama zambiri: pakhonde la paphiri paja pakhale munthu wofotokoza mbiri ya Kondiaronk m'miyezi imene magulu a ana a sukulu amakwerako, ndipo mawu ofotokozawo alembedwe mogwirizana ndi a Wendat eni ake. Ine ndi mwana wanga tidzakhala m'gulu la oyamba kukamvetsera.

Ndine wanu mwaulemu,
Kholo lokhala ku Montreal