Liwu loti "down" si "pansi" nthawi zonse

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndidandaule za kaliwu ka Chingerezi ka zilembo zinayi, "down", kamene kakugwetsa ana athu pa mayeso a MSCE. Ndine mphunzitsi wopuma, ndinkaphunzitsa Chingerezi kusekondale kuno ku Chikwawa, ndipo mpaka pano ana a m'mudzi muno amabwera pakhonde panga madzulo ndi makope awo. Ukawafunsa za liwuli, onse amayankha zomwe analoweza ku pulayimale: "down" ndi "pansi". Kwatha.

Sikuti akunama. "Sit down" ndi kukhala pansi, ndipo nduna ikachita "step down" nafenso timati yatula pansi udindo. Pamenepo zilankhulo ziwirizi zagwirizana. Koma taonani minibasi yochokera ku Blantyre ikayamba kutsetsereka m'mapiri muja kulowera ku mlatho wa Kamuzu pa Shire. Mngerezi anena kuti ikupita "down". Ife timati ikutsika, ikulowera kumunsi, ikupita kuchigwa. Palibe wa kuno anganene kuti ikupita pansi, pokhapokha mabuleki akane. Chichewa chili ndi pansi, kunsi, m'munsi, kutsika, kutsitsa, kutsetsereka ndi kugwa, pomwe Chingerezi chaunjika zambiri mwa izi m'liwu limodzi. Mwana wongodziwa "pansi" ndiye kuti wataya chuma cha chilankhulo chake chomwe.

Vuto lenileni limayamba liwuli likatsatana ndi mneni. Mtsikana wina wa Fomu 3 anandibweretsera chiganizo choti "The lorry broke down at Thabwa", ndipo iye anamva kuti lole inathyoka n'kugwera pansi. Anandifunsa ngati anthu anapulumuka. Lole ija inangofa panjira, mwina dalaivala ali chigonere kunsi kwake ndi sipanala m'manja. "Turn down the radio" ndi kuchepetsa phokoso la wailesi, koma "she turned him down" ndiye kuti mkazi wakana womufunsira. "He let me down" ndi kundigwiritsa mwala. "Write it down" ndi kulemba basi, osati kulemba padothi. Munthu akakhala "down with malaria" wagona ndi malungo, ndipo timu ikakhala "two goals down" ndiye kuti ikutsalira ndi zigoli ziwiri. Zonsezi mwana sangazitulukire poona "down" payekha. Tanthauzo limabadwa mawu awiriwo akakumana.

Chimene chinkaseketsa ophunzira anga n'chakuti kalekale liwuli linkatanthauza phiri. M'Chingerezi chakale "dun" linali phiri, ndipo anthu akati "of dune" ankanena kuchoka paphiri. M'kupita kwa nthawi mawuwo anafupika mpaka kutsala "down". N'chifukwa chake kumwera kwa England, cha ku Sussex, kuli mapiri otchedwa South Downs. Munthu amakwera "Downs" thukuta lili kamukamu. Pa sitima zapamtunda za kumeneko, yopita ku London amati ikupita "up", yochoka ku London ikupita "down", ngakhale njanjiyo itakhala pamalo athyathyathya.

Izi n'zongoseketsa, koma pali pena pamene kusamvetsaku kukupweteka anthu, ndipo n'chimene chandikhalitsa pansi kuti ndilembe kalatayi. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anauzidwa kuchipatala kuti mwana wake ali ndi "Down syndrome". Atafika kumudzi, mnyamata wina wodziwako Chingerezi anamumasulira kuti ndi matenda a nzeru zapansi. Mayiyo anabwera kwanga maso ali psuu. A Mkonzi, "Down" ameneyu ndi dzina la munthu, John Langdon Down, dokotala wa ku Britain amene analongosola za vutoli m'chaka cha 1866. Akanakhala kuti dzina lake linali lina, bwenzi tikutchula lina. Mwana amabadwa chonchi chifukwa ali ndi kolomozomu (tizinthu ta m'thupi tonyamula chibadwa chochokera kwa makolo) nambala 21 zitatu m'malo mwa ziwiri, n'chifukwa chake tsiku lokumbukira anthu amenewa pa dziko lonse ndi 21 Malichi, mwezi wachitatu. Si ufiti, si tchimo la mayi, ndipo dzinalo silikunena kuti mwanayo ndi wotsika kwa anzake. Ana otere amaphunzira, ngakhale pang'onopang'ono, akapeza wowalezera mtima. Namwino akanangowonjezera chiganizo chimodzi, choti ili ndi dzina la dokotala, mayi uja sakanalira njira yonse.

Nditchuleko mwachidule "down" wa m'maofesi. Munthu wakwera kabaza mbandakucha, waima pamzere dzuwa la kuno likuswa mtengo, kenaka kalaliki akusuzumira pawindo n'kunena kuti "sisitimu ili down". Agogo amene ali patsogolo pako akutembenuka kukufunsa kuti akuti chiyani. Kalaliki uja akanalankhula Chichewa akanakakamizika kusankha: magetsi azima, netiweki yasowa, kompyuta yafa, kapena woigwiritsa ntchito sanabwere. Lililonse mwa amenewa limamuuza munthu ngati adikire kapena abwerere kwawo. "Down" sakuuza kanthu, ndipo ndikuganiza kuti ena amamukondera zomwezo.

Kwa aphunzitsi anzanga amene mudakali pa choko, pempho langa ndi ili: lekani kulembetsa ana mndandanda wa mawu a Chingerezi kumanzere ndi a Chichewa kumanja, liwu limodzi tanthauzo limodzi. Apatseni "break down", "turn down" ndi "let down" m'ziganizo zathunthu, ndipo muwafunse kuti agogo awo akananena bwanji zimenezo m'Chichewa. Inunso a nyuzipepala ndi a wailesi, Malichi akubwerayu mukamalemba za ana a "Down syndrome", chonde tchulani kuti Down anali munthu, ndipo dzinalo mulilembe ndi chilembo chachikulu.

Mphunzitsi wopuma,
Chikwawa